Kulowa kalabu yothandiza anthu: poyambira pake ndi pomwe ambiri amapunthwa

Namondwe Freddy atakokolola matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche mu Malichi 2023, anthu anakhamukira ku Chilobwe atanyamula makasu ndi mafosholo, ena chimanjamanja. Mtima wofuna kuthandiza sunasowe. Chimene ambiri chinkawasowa ndi kudziwa pogwira: wovulala msana anyamulidwe bwanji, zovala zosonkhedwa zikatulidwe kwa ndani, ufa ugawidwe motani pa kampu ya pasukulu popanda kukanganirana. Patadutsa masabata angapo, atolankhani atachoka, amene ankapitabe kumakampu anali aja a m'magulu: a Red Cross, a mipingo ndi mizikiti, a makalabu, a makomiti a m'madera. Chifundo cha munthu payekha chili ngati moto wa mapesi, chimalilima lero, mawa ndi phulusa. Gulu ndi limene limasunga makala.

Malangizo awa ndi a inu amene mwakhala mukunena kuti tsiku lina mudzalowa gulu lotere koma simukudziwa khomo lake.

Choyamba: dziwerengereni nokha musanapite kulikonse

Tengani pepala mulembe zinthu zitatu: maola amene mungapereke pa mwezi, ndalama zimene mungatulutse popanda kunyumba kugona ndi njala, ndi luso limene muli nalo. Lembani zoona, osati zimene mungakonde kuti zikhale zoona. Ngati Loweruka lililonse muli kumaliro, kuchinkhoswe kapena kumunda, musalembe kuti muli ndi Loweruka anayi. Lembani limodzi. Luso nalo musalipeputse. Wodziwa kusunga mabuku a ndalama, woyendetsa galimoto, telala, mmisiri wa matabwa, mphunzitsi wopuma, mayi amene amatha kuphikira anthu 200 nsima osapserera, onsewa magulu amawasowa kuposa munthu wodziwa kuyankhula pa maikolofoni.

Pali funso lachinayi limene ambiri salifuna: kodi mukuyembekezera kulandirapo kanthu? Kuno kwathu mawu akuti volontiya anasokonekera. Mabungwe ena anazoloweretsa anthu kuti msonkhano uliwonse umatha ndi kusaina pepala ndi kulandira alawansi, kotero kuti munthu akaitanidwa kukakonza msewu wa kwawo komwe amayamba wafunsa kuti, "Kuli kangachepe?" Makalabu amene tikukamba pano ndi osiyana. Ambiri mwa iwo ndinu amene mumalipira kuti mukhale membala. Ngati chimene mukufuna ndi ganyu, palibe chochititsa manyazi, moyo wavuta, koma kafunefuneni ganyuyo poyera. Mukalowa kalabu ndi mtima wa ganyu mudzakhumudwa mwezi wachiwiri usanathe, ndipo mudzakhumudwitsanso anzanu.

Ndikudziwa chifukwa chake ena mwa akuluakulu athu amanyansidwa akamva za ntchito yaulere. Liwu lakuti thangata poyamba linkatanthauza kuthandizana, koma m'minda ya azungu ya ku Shire Highlands, monga ku Magomero, linasanduka ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala, ndipo linali limodzi mwa madandaulo amene anautsa John Chilembwe mu 1915. Amene anakula nthawi ya Kamuzu amakumbukiranso Youth Week, sabata imene ana asukulu ndi achinyamata ankalambula misewu ndi kuumba njerwa, ofuna ndi osafuna omwe. Kudzipereka kumene tikunena kuno kuli pafupi ndi dima kapena ntchito ya adzukulu kumanda: palibe wakugwirani pakhosi, mwapita nokha chifukwa mawa zidzakhala kwanu.

Chachiwiri: dziwani magulu amene alipo, chifukwa safanana

Rotary inayamba pa 23 Febuluwale 1905 mu mzinda wa Chicago ku America, ndipo anaiyambitsa ndi loya wina dzina lake Paul Harris. Kuno kwathu makalabu ake amapezeka ku Blantyre, Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo ali m'chigawo chimodzi, cha nambala 9210, pamodzi ndi a ku Zambia, Zimbabwe ndi mbali ina ya Mozambique. Mamembala ake ambiri ndi anthu apantchito ndi amabizinesi. Ntchito imene Rotary imadziwika nayo padziko lonse ndi nkhondo yothetsa poliyo, imene inayamba mu 1985. Nkhaniyi si yakutali: mu Febuluwale 2022 boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, ndipo katemera wa khomo ndi khomo amene anatsatira uja ndi mbali ya nkhondo yomweyo. Ngati ndinu wachinyamata wa zaka 18 kupita m'tsogolo, khomo lanu losavuta ndi Rotaract, imene imapezeka m'makoleji ena ndi m'mizinda, ndipo zolipira zake n'zotsika. Ana a zaka 12 mpaka 18 ali ndi Interact.

Lions nayo inabadwira ku Chicago komweko mu 1917, pansi pa Melvin Jones. Mu 1925 Helen Keller, mayi amene anali wosaona komanso wosamva, anayankhula pa msonkhano wawo waukulu n'kuwapempha kuti akhale omenyera nkhondo anthu osaona, ndipo kuyambira pamenepo maso akhala ntchito yawo yaikulu. Ngati munaperekezapo agogo anu kukachotsedwa ng'ala ku chipatala cha maso cha pa Queen Elizabeth ku Blantyre kapena cha pa Kamuzu Central ku Lilongwe, munaona dzina la Lions pakhoma. Achinyamata awo amatchedwa Leo, kuyambira zaka 12 mpaka 30. Amayi musaope: makalabu awiriwa kale anali a abambo okha, koma Lions inatsegula chitseko mu 1987, Rotary mu 1989.

Malawi Red Cross Society ndi ya mtundu wina. Inakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1966, likulu lake lili ku Lilongwe, ndipo nthambi zake zimafika m'maboma mpaka m'midzi kumene kulibe hotelo yochitiramo msonkhano. Simufunika suti kapena munthu wokuitanani. Mumapita ku ofesi yawo ya m'boma lanu, n'kufunsa za umembala ndi za maphunziro a chithandizo choyamba. Kwa munthu wa nthawi yambiri koma ndalama zochepa, makamaka wa m'madera osefukira madzi ngati Nsanje, Chikwawa, Phalombe ndi Karonga, ine ndingaloze kumeneku ndisanaloze kwina kulikonse.

Pali makomiti a m'dera lanu lomwelo amene mwina mumangowadutsa: komiti ya chitukuko cha m'mudzi imene anthu amangoti VDC, komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, komiti ya zaumoyo yogwira ntchito ndi mlangizi wa zaumoyo, gulu la amayi oyang'anira atsikana pasukulu, sukulu ya mkombaphala imene alezi ake salipidwa. Awa alibe mabaji owala, koma ntchito yawo ndi ya tsiku ndi tsiku. Ndipo ngati misonkhano simuikonda n'komwe, a Malawi Blood Transfusion Service amalandira magazi kwa anthu ongodzipereka ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Balaka, komanso amayendera masukulu ndi mipingo. Ola limodzi, ndipo mwathandiza mayi amene wataya magazi pochira.

Chachitatu: pitani kaye ngati mlendo, katatu

Rotary ndi Lions mwamwambo wake munthu amalowa moitanidwa ndi membala. Izi zisakuopsezeni. Funsani kuntchito, kutchalitchi kapena kwa anzanu akale a kusukulu ngati alipo amene ali membala. Ngati palibe, makalabu ambiri ali ndi tsamba pa Facebook, lemberani mlembi wawo uthenga waufupi wonena dzina lanu, ntchito yanu, ndi kuti mukufuna kudzaonerera msonkhano. Funsiranitu tsiku, malo, kavalidwe, komanso ngati pali chakudya cholipira. Misonkhano yambiri imachitikira m'mahotelo kapena m'malo odyera, ndipo aliyense amadzilipirira mbale yake. Ndi bwino kudziwiratu kusiyana n'kukatuluka thukuta bilu itafika.

Msonkhano umodzi sukwanira. Tsiku loyamba aliyense amakusekererani, mlendo ndi mame. Pitani kawiri kumsonkhano wa pamipando, kachitatu mupemphe kupita nawo kuntchito yeniyeni kumudzi kapena kuchipatala. Kumeneko ndi kumene gulu limaonekera mmene lilili. Onani amene atsika m'galimoto n'kuyamba kutsitsa matumba, ndi amene ayima pamthunzi kudikira nthawi ya chithunzi. Onani ngati wapampando amamva maganizo a membala wamng'ono. Onani ngati msonkhano woitanidwa 6 koloko umayamba 6 koloko. Mverani mmene amawatchulira anthu amene akuwathandiza. Gulu limene m'galimoto pobwerera limaseka fungo la anthu akumudzi, lisiyeni, ngakhale litakhala ndi ndalama zochuluka bwanji.

Musadabwe ndi timiyambo tawo. Amaliza belu potsegula msonkhano, amatchulana mayina audindo, ndipo pamakhala munthu wolipiritsa tizindapusa tamasewera kwa wochedwa, woiwala baji kapena amene foni yake yalira. Ndalamazo zimalowa m'thumba la kalabu. A Rotary alinso ndi mafunso anayi amene amawatchula kawirikawiri oyesera chilichonse chimene munthu akuganiza, kunena kapena kuchita: kodi ndi zoona, kodi ndi zachilungamo kwa onse okhudzidwa, kodi zimanga kukomerana mtima ndi ubwenzi, kodi zipindulira onse. Anawalemba ndi Herbert Taylor mu 1932. Agwiritseni ntchito poyesa kalabu yomweyo.

Chachinayi: funsani za ndalama, musachite manyazi

Apa ndi pamene tiyenera kukhalitsa, chifukwa magulu ambiri amene ndawaona akufa sanafe ndi kusowa chifundo, anafa ndi nkhani ya ndalama. Safunsa anadya phula.

Funso loyamba ndi la thumba lanu. Ndalama yolowera ndi zingati? Ya pachaka ndi zingati, ndipo ikhoza kulipidwa pang'onopang'ono? Dziwani kuti ku Rotary ndi ku Lions gawo lina la ndalama ya umembala limapita ku likulu lawo ku America ndipo limawerengedwa m'madola. Kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, gawo limenelo limakwera nthawi yomweyo ngakhale malipiro anu ali pomwepo. Onjezerani pamenepo chakudya cha pamsonkhano, mayendedwe, malaya a kalabu, matikiti a madyerero opezera ndalama amene membala aliyense amapatsidwa kuti agulitse, ndipo akakanika kugulitsa nthawi zambiri amagula yekha. Phatikizani zonsezo muone chiwerengero cha pachaka, kenako mukakambirane ndi akunyumba kwanu. Ukwati usagwedezeke chifukwa cha baji.

Funso lachiwiri ndi la thumba la gulu. Pemphani kuona malamulo oyendetsera kalabu ndi lipoti la zachuma la chaka chatha. Gulu labwino silikwiya ndi pempho limeneli; msungichuma wake amakondwa kuti wina wafunsa. Fufuzani zinthu izi: ndalama zimasungidwa ku akaunti ya kubanki ya dzina la gulu kapena mu foni ya munthu? Amasainira ndi anthu angati potapa? Ayenera kukhala osachepera awiri, ndipo asakhale mwamuna ndi mkazi wake kapena munthu ndi mlamu wake. Kodi ndalama zopemphedwa kwa anthu kuti zikathandize osowa zimasiyanitsidwa ndi zoyendetsera kalabu? A Lions pa mfundo iyi amaumirira kwambiri: ndalama yochokera kwa anthu iyenera kubwerera kwa anthu, osati kukagulira mamembala zakumwa. Gulu lina lililonse lingachite bwino kutengera lamulo limenelo.

Airtel Money ndi Mpamba zafewetsa kusonkha, koma zabweretsanso vuto lake. Nambala ya munthu mmodzi ikaikidwa pa WhatsApp kuti aliyense atumizeko, ndalama za gulu zimasakanikirana ndi za ndiwo za kunyumba kwake, ndipo ngakhale munthu wokhulupirika amasokonezeka. Ngati palibe njira ina, pakhale lamulo lakuti madzulo aliwonse alembe pagulupo amene atumiza ndi kuchuluka kwake, ndipo ndalamazo zikafike kubanki sabata isanathe.

Chenjezo lina: gulu limene likukulonjezani ntchito ku bungwe lakunja, ulendo wapandege kapena ngongole mukangolipira ndalama ya fomu, si kalabu yothandiza anthu. Thawani.

Chachisanu: kulowa kwenikweni

Mukakhutira, uzani amene anakuitanani. Mudzadzaza fomu, akuluakulu a kalabu adzakambirana dzina lanu, ndipo akavomera adzakulandirani pamsonkhano ndi kukuvekani baji. Ku Red Cross mumalembetsa ndi kulipira umembala ku nthambi yanu, tengani risiti. Ku makomiti a m'mudzi anthu amasankhidwa pamsonkhano wa mudzi, choncho yambani ndi kupezeka pa misonkhanoyo ndi kugwira nawo ntchito musanakhale ndi udindo. Chaka cha Rotary ndi cha Lions chimayamba pa 1 Julayi, pamene atsogoleri atsopano amatenga mipando ndi kupanga makomiti, kotero miyezi imeneyo ndi yabwino kwa munthu watsopano kupeza pokhala.

Chachisanu ndi chimodzi: tengani kantchito kamodzi, mukamalize

Membala watsopano amabwera ndi maloto: chipatala, sukulu ya ana amasiye, mijigo khumi. Sungani kaye. Miyezi 6 yoyamba pemphani ntchito yaing'ono yokhala ndi tsiku lothera: kulemba mayina a anthu obwera kudzapimitsa maso, kukatenga makoteshoni atatu a simenti, kulemba mfundo za msonkhano mlembi akadwala. Mukalonjeza Lachitatu, chifike Lachitatu. Mukaona kuti simukwanitsa, nenani Lolemba, osati kuzimitsa foni. M'magulu ongodzipereka mulibe bwana wokudulani malipiro. Chuma chokha chimene munthu ali nacho ndi chakuti akanena amachita.

Maphunziro aliwonse amene apezeka, pitani, makamaka a chithandizo choyamba. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023, waukulu kuposa ina yonse imene dziko lino laona, unatiphunzitsa kuti volontiya wodziwa kusungunula Thanzi ORS molondola ndi kuthira klorini m'madzi pa mlingo wake amapulumutsa anthu, pamene wosadziwa akhoza kudwala yekha kapena kufalitsa matendawo. Osagwira ntchito imene simunaphunzire. Kubaya jakisoni, kupereka mankhwala, kulowa m'madzi osefukira kukavuula munthu, zimenezo zili ndi eni ake.

Chachisanu ndi chiwiri: m'mudzi mwa eni salowa ngati mphepo

Ntchito ikakhala ya kumudzi, dzerani kwa anyakwawa kapena agulupu. M'tauni, kwa mfumu ya m'dera ndi khansala. Ya pasukulu iyambire kwa mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu, ya zaumoyo kwa mlangizi wa zaumoyo ndi akuluakulu a chipatala. Ngati ndi chomangamanga, khonsolo ya boma idziwe, chifukwa ndi imene idzatumize mphunzitsi kapena namwino m'nyumba imene mwamangayo. Mukafika kwa mfumu khalani pansi, perekani moni wonse, mudikire kufunsidwa chimene mwadzera. Ndipo chimene mwadzera pa ulendo woyamba chikhale kufunsa, osati kulengeza. "Gogo chalo, tabwera kuti timve chimene chikukusowetsani tulo kuno." Yankho lake kawirikawiri silikhala limene munakonzekera. Mukamaliza ndi amfumu mupeze mpata womva amayi paokha, chifukwa pabwalo pali abambo sanena zonse.

Ndinaphunzira izi mochititsa manyazi. Chaka china gulu lathu linagula mbande zamitengo mazana angapo kuti tikabzale pasukulu ina ya pulayimale. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndiye ife poona kalendala tinati tikadali m'nyengo, n'kupita kumapeto kwa Malichi, mvula ikutsanzika. Tinabzala, tinajambulitsa, tinamwa Fanta, tinabwerera. Sitinafunse kuti adzathirira ndani ana akatsekera, madzi ake achokera kuti, kapena kuti mbuzi za m'mudzimo zimamasulidwa liti anthu akakolola. Pobwerera mu Ogasiti tinapeza timitengo towerengeka ndi zala, tomwe mlonda wa pasukulupo anatchingira ndi minga mwa kufuna kwake. Aphunzitsi aakulu anatiuza mwaulemu kuti akanafunsidwa akanapempha zitseko za zimbudzi za atsikana. Mtengo wake unali wocheperapo kuposa wa mbande zathu zija.

Mjigo nawo ndi chimodzimodzi. Kukumba ndi kuika pampu ya Afridev ndi theka la ntchito. Theka linalo ndi komiti ya mjigo yophunzitsidwa, kandalama kosonkha mwezi ndi mwezi kogulira marabala ndi zitsulo zikatha, ndi makanika wa m'dera amene anthu akudziwa kwawo. Popanda zimenezo, pakatha zaka ziwiri amayi abwerera kudambo, chikwangwani cha kalabu yanu chili chiimire pambali pa mjigo wakufa. Pa ntchito iliyonse funsani pamsonkhano kuti, "Ife tikachoka, chidzatsala m'manja mwa ndani?" Mudzaoneka ovuta, koma funsanibe.

Zopereka za kuchipatala ndi kundende nazo zili ndi dongosolo lake. Imbani kaye mufunse chimene chikusowa ndi chimene chimaloledwa. Nyengo ya Khirisimasi magulu amathithikana m'mawodi ndi sopo ndi shuga, koma mu Febuluwale, njala ili pachimake, simuona ndi mmodzi yemwe. Sankhani mwezi umene ena sapita.

Chachisanu ndi chitatu: kamera, ana ndi ndale

Musajambule munthu wodwala, wamaliseche kapena wolira kuti mukaike pa Facebook. Pemphani chilolezo, ndipo kwa mwana chilolezocho chichoke kwa kholo kapena womulera. Dzifunseni ngati mungakonde kuti mayi anu aoneke pa intaneti atagwada akulandira thumba la ufa. Umboni wa ntchito kwa amene anapereka ndalama ukhoza kukhala chithunzi cha katundu, risiti ndi siginecha ya komiti.

Pogwira ntchito ndi ana musakhale nokha ndi mwana m'chipinda kapena m'galimoto, musatenge nambala za foni za atsikana asukulu, musalonjeze fizi mwamseri. Dziko lino lili ndi lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010, ndipo mwana akakuululirani za nkhanza, nkhaniyo si yokambirana pa gulu la WhatsApp. Kaituleni kwa wazachitetezo cha ana wa m'deralo, ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, kupolisi, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Ngati wochita zoipayo ndi membala mnzanu, njira yake ndi yomweyo. Mbiri ya kalabu siposa mwana.

Nsalu ya chipani isiyeni kunyumba. Rotary ndi Lions salowerera ndale za zipani kapena kusankha chipembedzo, ndipo kwa a Red Cross kusatenga mbali ndi kusakondera zili m'gulu la mfundo zawo 7 zikuluzikulu zimene anazikhazikitsa mu 1965. Chaka cha chisankho mudzaona ofuna mipando akudzipereka kukugulirani malata, kuti adzayankhule pa mwambo wopereka. Gulu likambirane msanga mmene lidzayankhire. Pogawa thandizo, mndandanda ulembedwe poyera ndi komiti, ndipo ngati m'bale wanu ali pamndandandapo, nenani nokha anthu asanakunenereni.

Ngati kwanuko kulibe kalabu

Yambani ndi anthu 5 kapena 10 amene mumawadziwa ntchito zawo, osati pakamwa pawo. Gwirani kaye ntchito imodzi yosafuna ndalama, monga kutsegula ngalande yotsekeka mvula isanayambe kapena kufolerera agogo ena nyumba. Ikatheka, lembani malamulo a tsamba limodzi kapena awiri, sankhani wapampando, mlembi ndi msungichuma okhala ndi nthawi yotulira pansi udindo, kenako kadzidziwikitseni kwa amfumu ndi ku khonsolo. Gulu la achinyamata limadzera ku ofesi ya achinyamata ya m'boma, imene imalumikizana ndi National Youth Council of Malawi. Gulu losamalira ana, okalamba kapena odwala limadzera ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Musathamangire kulemba makalata opempha thandizo kunja muli ndi mwezi umodzi. Kalabu ya Rotary kapena ya Lions ya mumzinda ikafuna kugwira ntchito kumudzi imafunafuna gulu lokhazikika kale, lokhala ndi buku la misonkhano ndi ntchito yooneka, ndipo pamenepo ndi pamene mudzakumane.

Mukatopa, kapena mukafuna kuchoka

Zidzafika. Amene amagwira ntchito bwino ndi amene amasenzetsedwa zonse, ndipo pakatha chaka mudzapezeka ndinu mlembi, wogula katundu komanso dalaivala. Phunzirani kunena kuti, "Ulendo uno ndipumeko, atenge ena." Udindo umodzi pa chaka ndi wokwanira. Ngati mwasamukira mzinda wina, kaya ndi Lusaka, Harare kapena Johannesburg, pemphani mlembi akulembereni kalata yokudziwitsani ku kalabu ya kumeneko. Membala wa Rotary kapena Lions amalandiridwa pamsonkhano wa kalabu inzake kulikonse, ndipo kwa munthu wofika kumene m'dziko la eni zimenezi zimathandiza.

Ngati mwaganiza zosiyiratu, lembani kalata yaifupi kwa mlembi, lipirani ngongole ya umembala imene yatsala, ndipo bwezani zonse za gulu zimene zili kwanu: buku la risiti, chidindo, makiyi a kosungira katundu, chovala cha Red Cross. Ngati munali wosainira kubanki, pitani limodzi ndi wolowa m'malo mwanu mukasinthe siginecha sabata yomweyo, ndipo ziwerengero za m'buku muziwerengere pamodzi pamaso pa munthu wachitatu, nonse atatu n'kusaina pansi pa tsamba lomaliza.